Kwa Nsamala kulibe nyanja, koma kuli asodzi

Dera la mfumu yaikulu Nsamala ndi la malambe, mitengo ya minga, thonje ndi dzuwa loswa mtengo. Mvula kuno imabwera mochedwa nkuthawa msanga, ndipo timitsinje tambiri timasanduka mchenga wokhawokha mwezi wa Juni usanathe. Komabe mukalowa mumsika wa pa Balaka m'mawa, musanaone tomato kapena kaunjika, chokulonjerani choyamba ndi fungo la nsomba. Pamabenchi pali usipa wofutsa, milu ya kambuzi, matemba otuwa, ndi milamba yowamba yopindidwa mchira kukamwa, yakuda bii ndi utsi. Ogulitsa amadziwa kuti mulu uwu watuluka m'madzi ati, wabwera pa galimoto yanji, ndipo wagona masiku angati panjira.

"Amayi, kambuziyu ngwakuti?" ndinafunsa mayi wina amene ankaingitsa ntchentche ndi kachidutswa ka katoni.

"Wa ku Malombe, bambo. Amanditumizira ndi mwana wanga, ali konko, amakoka nkacha."

"Ndiye kuti kwanu nkunyanja?"

Anapukusa mutu. "Ayi, kwathu nkonkuno, kuseri kwa njanjiku. Koma chimanga chikamapserera chaka ndi chaka, mwana wamwamuna akhalirenji pakhomo? Adye thonje?"

Ulendo wanga unayambira pa yankho limenelo. Ndinafuna kutsata njira ya kambuziyo chobwerera, kuchokera pabenchi mpaka kukafika kumene anyamata a kumtunda kuno amagona akapita kukasaka ndalama pamadzi.

Kusamuka si nkhani yachilendo m'chigwa chino. Nsamala ndi mmodzi mwa mafumu a Ayao a Amachinga amene anafika m'chigwa cha Shire chapakati pa zaka za m'ma 1800 kuchokera kuvuma, m'dziko limene lero ndi Mozambique, pamodzi ndi ena monga Mponda, Kawinga ndi Liwonde. Anapeza Amang'anja ndi Anyanja akulima ndi kutchera mono m'mbali mwa mtsinje. Angoni anatsika m'mapiri a ku Ntcheu, Alomwe nawo anabwera pambuyo pake pothawa nkhanza za Apwitikizi. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima itatsegulidwa mu 1935, Balaka inakhala pokumanira anthu, ndipo mu 1970 njanji ina inapatuka pa Nkaya kulowera ku Liwonde ndi Nayuchi mpaka kudoko la Nacala. Ngakhale boma lenilenilo lakhala likusuntha malire ake: dera lino linali m'boma la Machinga, limene kale linkatchedwa Kasupe, kufikira 1998 pamene Balaka inaima payokha. Ndikamamva munthu wa kuno akutchula mnzake kuti wobwera, ndimafuna kumufunsa kuti agogo ake iyeyo anamera pati.

Minibasi ya ku Liwonde inadzadza ndi amayi a geni. Popita madengu awo amakhala opanda kanthu, olowetsana atatuatatu, omangidwa ndi mphira kumbuyo kwa galimoto. Ndalama za mpamba zili pamfundo ya chitenje, mkati mwa chitenje china. Pa Chiyendausiku anakwera ena awiri, ndipo nkhani inali imodzi njira yonse: beseni la kambuzi lafika pa zingati kudooko dzulo, ndani waoda zambiri, ndani zamuwolera chifukwa cha mitambo. Mmodzi anaimbira foni mlamu wake wa kunyanja kuti amusungire mabeseni awiri. Kale munthu ankanyamuka mosadziwa ngati akapeza nsomba. Lero foni yachepetsa vuto limenelo, koma yachititsanso kuti mtengo wa pa dooko limodzi udziwike paliponse dzuwa lisanakwere.

Pa Liwonde msewu umawoloka Shire. Apa pali Kamuzu Barrage, chotchinga madzi chimene chinamangidwa mu 1965 kuti mtsinje uzitsika mwa muyeso kupita kumakina opangira magetsi a ku Nkula, ndipo pambuyo pake a ku Tedzani ndi Kapichira. Namasupuni amaunjikana kumtunda kwake, mvuu zikufwenthera chapatali. Anyamata amathamangira galimoto iliyonse yoima atanyamula chambo chomangidwa pa mlaza, ndipo wogula amachikoleka panja pa galimoto kuti chipite chikuwombedwa mphepo. Chakumpoto kwa tauni kwayambira Liwonde National Park, nkhalango yotetezedwa kuyambira 1973, imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuchokera mu 2015. M'chigawo cha mtsinje chimene chili m'paki, kuwedza nkoletsedwa. Asodzi a m'midzi yoyandikana nayo amadandaula kuti makolo awo ankaponya matchera m'madzi omwewo, ndipo akunena zoona. Nzoonanso kuti kumeneko ndi kumodzi mwa malo ochepa kumene nsomba za mu Shire wa kumtunda zikuswana popanda ukonde kuzisokoneza. Ndinaima pamlatho ndikuganiza zonse ziwirizi, ndipo palibe chimene ndinatha kuchitaya.

Chimene ambiri odutsa pamlathowu sachidziwa nchakuti mtsinje waukulu chonchiwu unaumapo. Kuyambira cha mu 1915 mpaka 1935 madzi a nyanja ya Malawi anatsika kwambiri, mchenga ndi bango zinatseka potulukira, ndipo Shire anasiya kuyenda. Sitima zapamadzi za amishoni ndi za kampani ya Mandala, zimene zinkachokera ku Matope kukwera kunyanja, zinasowa podutsa. Nyanja ya Malombe inaphwa pafupifupi yonse, anthu nalowamo ndi makasu, nadzala chimanga ndi mpunga pamene lero pakuyandama maboti. Madzi atabwerera, minda inamira, ndipo ana a alimi aja anasanduka asodzi. Munthu wobadwira m'mbali mwa Malombe mu 1910 anaona nyanja ali wakhanda, anakula akulima m'kati mwake, nakalamba akusoka ukonde m'mphepete mwake. Anthu a chigwa chino anaphunzira kalekale kuti dzanja limodzi ligwire khasu, lina nkhafi, ndipo phazi likhale lokonzeka kunyamuka.

Kuchokera pa Liwonde ndinakwera galimoto ya ku Mangochi. Msewu umadutsa pa Ulongwe, kwa Kalembo, pakati pa malambe akuluakulu, mizikiti yopaka laimu ndi migwalangwa. Mukalowa m'dera la Chimwala, Malombe amayamba kuonekera kudzanja lamanja, madzi otuwa, osalala, mapiri a ku Mangochi ali tsidya. Kabaza ananditsitsira kudooko kudzera m'kanjira ka mchenga.

Malombe ndi nyanja yosazama. M'malo ambiri kuya kwake ndi mamita awiri kapena atatu basi, ndipo m'litali ndi makilomita pafupifupi 30. Kusazamaku ndiye kunabala nkacha, ukonde umene unayambira pa nyanja yomweyi m'zaka za m'ma 1970. Ndinaupenyetsetsa umodzi utayalidwa pamchenga, alovi awiri akusoka pong'ambika. M'mbali maso ake ndi otakasuka, koma pakati, pamene nsomba zimaunjikana, ndi ang'ono ngati a sefa ya ufa, ndipo ena amasokererapo masikito a udzudzu. Pamadzi amauponya ndi maboti awiri, kuzungulira mpaka nsonga zikumane. Kenaka mmodzi amavula malaya, napuma mpweya wambiri, nkumira mpaka pansi kukalumikiza zingwe za m'munsi kuti ukonde usanduke thumba. Anzake amadikira ali chete, maso pamadzi, kufikira mutu wake utatumphuka, ndiye kukoka kumayamba. Amachita zimenezi kambirimbiri pa tsiku, m'madzi amatope momwe sangaone ngakhale dzanja lake, mmene ng'ona ndi mvuu zimayendanso. Mnyamata womira amene ndinacheza naye anali ndi maso ofiira ndi makutu osamva bwino. Kwawo anati ndi kufupi ndi Rivirivi. Kusambira anaphunzirira konkuno, atakula kale.

Boti likafika, amayi amalowa m'madzi mpaka m'mawondo, mabeseni ali m'manja, aliyense akuitana mwini ukonde ndi ulemu wonse: "Bwana, musandiiwale lero, dzulo ndinabwerera chimanjamanja." Nsomba zikagulitsidwa, ndalama zimagawidwa, gawo la mwini zida ndi gawo la alovi, ndipo la alovilo limagawidwanso pakati pa onse. Tsiku loipa mlovi amabwerera ndi kambale ka ndiwo kokha. Kambuzi amapita pathandala kukauma, nsomba zazikuluko zimapita kung'anjo, ndipo nkhuni zowambira zimachokera m'mapiri amene akuyera chaka ndi chaka.

Pansi pa mtengo wa mango ndinapeza mkulu wina wovala kofia, akupota chingwe pantchafu. Nditamulonjera ndinamufunsa za chambo.

"Mwanangu, chambo chimene mukuchinenacho ife tinkachitaya kwa agalu chikatsala. Kambuziyu tinkati nchakudya cha ana. Lero ndi amene akutisunga."

"Nanga ukonde woyamba munaupeza bwanji, agogo?"

"Theba," anayankha mwachidule, akuloza kumwera ndi chibwano.

Mawu amodziwo anyamula mbiri yaitali. Kwa zaka zambiri amuna a m'maboma ano ankalembedwa ndi Wenela, imene pambuyo pake inatchedwa TEBA, kupita kumigodi ya ku South Africa, ena nkumayenda okha wapansi kupita ku Salisbury ndi Bulawayo. Wobwerako ndi nzeru ankagula njinga, makina osokera, kapena ukonde wa nayiloni ndi boti la matabwa. Ukonde wa nayiloni unalowa m'malo mwa wa chopwa ndi bwazi umene makolo ankapota okha ndi kuyanika tsiku ndi tsiku kuti usawole. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Kunayambiranso mu 1977, koma mochepa, nkutheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Amuna zikwizikwi amene akanapita kumigodi anatsala kumudzi, ndipo ambiri a iwo anatsikira kunyanja. Amene anabwera ndi ndalama anakhala eni zida. Amene anachedwa kubadwa anakhala alovi awo.

Nyanja za kumwera kuno zinali zitakoka kale alendo ena. M'zaka za m'ma 1930 abale a banja la Yiannakis, Agiriki, anayamba usodzi waukulu chakufupi ndi Fort Johnston, imene lero ndi Mangochi, nkumatumiza chambo pa malole ku Zomba ndi ku Blantyre. Amalonda achikuda ankapalasa njinga masiku angapo, madengu a nsomba zouma ali kumbuyo, kukagulitsa kwa ogwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo ambiri ankapezera pamenepo ndalama ya msonkho osakagwira thangata. Atonga a ku Nkhata Bay ndi anthu a ku Likoma anatsika ndi chilimira, ukonde wa utaka ndi usipa, namanga misasa m'magombe a ku Mangochi, ena nakwatira komweko. Pa dooko limodzi mumamva Chiyao, Chichewa, Chilomwe ndi Chitonga m'boti limodzi.

Kenaka chambo chinatha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Malombe ankatulutsa matani oposa 8,000 a chambo pa chaka. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 anatsala mazana ochepa chabe. Chambo chimakumba zisa pansi pa nyanja, ndipo mayi amasunga mazira ndi ana mkamwa mwake. Ukonde wokwekwereza pansi umafafaniza zisa, umazula udzu wobisalamo ana, ndipo wa maso ang'ono umakokera kumtunda kasawala, ana a chambo amene akanakula. Poona izi, mu 1993 nthambi ya boma yoona za usodzi inayambitsa pa Malombe ndi Shire wa kumtunda ndondomeko yoti asodzi eni ake azitenga nawo mbali posamala nsomba, kudzera m'makomiti a m'madooko amene anthu amangowatchula kuti ma BVC. Lamulo la usodzi la 1997 linavomereza njira imeneyi m'dziko lonse. Anagwirizana za kukula kwa maso a ukonde ndi za miyezi yotseka nyanja chakumapeto kwa chaka, pamene chambo chikuswana.

Ganizolo linali labwino, ndipo ndimalilemekeza. Koma amene anakhala m'mipando ya makomitiwo kawirikawiri anali anthu okhazikika pamudzi: eni zida, abale a mfumu, anthu odziwika. Mlovi wochokera kwa Nsamala, amene chaka chino ali kwa Chimwala, chaka chamawa ku Chilwa, sanawerengedwe, chonsecho ndi iye amene amasankha pomwe ukonde uponyedwe pakati pa nyanja, kutali ndi maso a komiti. Ndi iyenso amene nyanja ikatsekedwa amagona ndi njala poyamba, pakuti mwini zida ali ndi golosale kapena chigayo chomuthandiza kudikira. Kumuuza munthu wotere kuti asiye nsomba za lero pofuna za zaka zisanu zikubwerazo, pamene sakudziwa ngati adzakhala pa dooko lomwelo, nkumupempha chinthu chachikulu kwambiri popanda kumupatsa mpando pabwalo.

M'midzi ya m'mbali mwa msewu muli nyumba zatsopano za malata owala ndi mawindo a magalasi, zina zosamalizidwa. Mukafunsa mwini wake, yankho ndi limodzi: ali ku Joni. Njira ya Theba inatsekedwa, koma anyamata a ku Mangochi, Machinga ndi Balaka anatsegula yawo, ya mabasi odutsa pa Mwanza kapena pa Dedza, kudzera ku Tete ndi Beitbridge, kukagwira ntchito m'mashopu ndi m'nyumba za anthu ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Ziwawa zothamangitsa alendo zitabuka mu 2008 ndi mu 2015, mabasi amene boma linatumiza anabwera ndi anthu ambiri a m'maboma omwewa, ena atangonyamula jumbo. Ambiri anabwereranso. Kwa mnyamata wa pa dooko, nkacha nthawi zina ndi njira yopezera ndalama ya pasipoti ndi ya basi.

Nditabwerera ku Liwonde ndinadikira sitima ya ku Nayuchi. Imayenda mosathamanga, ikuima m'masiteshoni ang'onoang'ono, anthu akukweza matumba a mpunga, njinga, nkhuku ndi madengu. Ikadutsa mapiri a ku Machinga dziko limatambasuka, ndipo njanji imayenda pamtunda wa mchenga umene umalekanitsa nyanja ziwiri: Chilwa kudzanja lamanja, Chiuta kumanzere.

Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Amene alowa amachoka ndi dzuwa basi, nchifukwa chake ndi amchere pang'ono, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana nyanja imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka, mabwato ali gada pamatope. Koma m'zaka zabwino nyanja yomweyi yakhala ikupereka gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba zonse za m'dziko muno, makamaka matemba, makumba ndi milamba, ndipo inalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse chifukwa cha mbalame zake. Asodzi ambiri kuno sagona kumtunda. Amamanga zimbowera, timisasa ta pa udzu woyandama m'kati mwa nyanja, nakhala momwemo milungu kapena miyezi, akuphika, kuwamba nsomba ndi kumwa madzi omwewo. Kolera itabuka, mu 2016 azaumoyo anachita kuwalondola ndi maboti kukawapatsa katemera wakumwa, nawasiyira wachiwiri kuti adzamwe okha tsiku lake likakwana, podziwa kuti sakawapezanso pamalo amodzi. Ndimaona kuti azaumoyo aja anamvetsa chimene ena okonza malamulo a usodzi amachedwa kumvetsa: anayamba avomereza kuti anthuwa amayenda, kenaka nkukonza ntchito yawo motsata kuyendako.

Chilwa ikauma, asodzi ake sakhala pansi. Ena amalima mpunga m'madambo, ena amatchera mbalame, ambiri amasenza maukonde kupita ku Malombe, ku nyanja ya Malawi kapena ku Chiuta. Ndipo apa mpamene kuyenda kwa wina kumasanduka tsoka la mnzake. Chiuta ndi nyanja yaing'ono ya m'malire, mbali ina ili ku Mozambique, ndipo madzi ake amatsikira ku Amaramba ndi mtsinje wa Lugenda. Eni ake ankapha nsomba ndi matchera, mono ndi mbedza. Asodzi a nkacha ochokera ku Malombe ndi Chilwa atachuluka, madzi anavunduka, matchera anang'ambika, ndipo mtengo wa nsomba unagwa chifukwa alendowo ankakolola zambiri nthawi imodzi. Mu 1995 asodzi a ku Chiuta anapangana okha, osadikira boma, napanga makomiti awo, nathamangitsa a nkacha. Mpaka lero nkhani ya Chiuta imatchulidwa ngati chitsanzo cha anthu oteteza nyanja yawo, ndipo ndikuvomereza kuti anaiteteza. Koma othamangitsidwawo sanasungunuke. Ena anakweza maukonde pa malole nabwerera ku Malombe, kumene nsomba zinali zitatha kale, ndipo pamodzi nawo panali alovi a kumtunda amene analibe boti, munda wothirira, kapena mfumu ya kunyanja yowalankhulira.

Chakufupi ndi Namanja anakwera mnyamata wonyamula chikwama cha saka ndi chidebe cha matemba ouma, mapazi ake oyera ndi matope a nyanja. Anakhala moyang'anana nane. Nditamufunsa kwawo anati ndi kwa Nsamala, ndipo wakhala m'chimbowera kuyambira nthawi yokolola.

"Ndiye mukupita kumudzi, achimwene?"

"Ndikaone kaye m'bale wanga pa Nayuchi, ali ndi ngongole yanga. Sitima ikamabwerera ndikwera. Nyanja atseka posachedwa, ndipo amayi andiimbira kuti mizere yatha, kwatsala mbewu."

Anandifunsa ngati ndikudziwa mtengo wa thumba la feteleza pa Balaka sabata imeneyo. Nditamuuza umene ndinamva pamsika, anatulutsa foni yosweka galasi, nawerengera kawiri, milomo ikuyenda. Anati ndalama yake ikwana thumba limodzi ndi mbewu ya chimanga chocha msanga, matembawo akhala ndiwo za olima nawo. Akamaliza kupalira kachiwiri anyamukanso. Ku Chilwa ngati madzi abwera, apo ayi ku Malombe, kumene mwini nkacha wina anamulonjeza malo m'boti chifukwa womira wake wapita ku Durban.